Ndinakadulitsa Chifu Osawauza Amayi

Zikomo amayi a tcheya pondipatsa mpata. Moni nonse, a shuga anzanga, a BP anzanga, ndi inu amene mwangoperekeza odwala anu. Ine ndine make Tadala, ndimakhala ku Chimwankhunda, kwathu ndi ku Nsanje. Ena mumandidziwa kuyambira kale ndili chimzimayi chodzaza khomo, ndipo ndakuonani momwe munandiyang'anira ndikulowa ndi ndodozi. Musachite manyazi, ndinazolowera. Muno muli anthu atatu amene mwandiimbirapo foni monong'ona kufunsa kuti opaleshoni yochepetsa thupi ija amachitira kuti. Maina sinditchula. Ndati ndikuyankheni pagulu, chifukwa zonong'onazo ndi zimene zinandidyera miyendo.

Ine ndinanenepa, abale. Osati kunenepa kosangalatsa kuja ayi. Mawondo ankalira pokwera masitepe a kuntchito ku Limbe, shuga sankatsika ngakhale ndimwe mankhwala bwanji, ndipo pogona ndinkabanika mpaka bambo a Tadala ankachita kundigwedeza kuti aone ngati ndikupuma. Pa siteji makondakitala akandiona ankakuwa kuti katundu wabwera, akutsogolo asunthe, anthu n'kumaseka, inenso n'kumaseka nawo ngati sizikundipweteka. Tiyi wochepetsa thupi ndamwa wa mitundu yonse. Madzi a mandimu m'mawa, kuzungulira bwalo la mpira, zonse ndinayesa. Ndikatsika pang'ono, mwezi wotsatira thupi labwerera, labweranso ndi anzake. Tsiku limene dokotala anandiuza kuti shuga wayamba kugwira maso, ndinafika kunyumba n'kuwauza bambo a Tadala kuti basi zakwana, ndikadulitsa chifu kunja. Tinagulitsa puloti yathu, ine ulendo.

Koma ndisananyamuke ndinawalumbiritsa amuna anga kuti asauze munthu, makamaka amayi anga. Mukuwadziwa azimayi a kwathu. Kwa amayi anga thupi langa linali ulemu wa banja lonse. Ndikapita ku Nsanje ankandiyendetsa khomo ndi khomo kuti anthu aone momwe mwana wawo akusungidwira ku Blantyre. Komanso ndi munthu wa mapemphero, wotsogolera azimayi anzawo ku tchalitchi. Ndiye ine ndikawauze kuti ndikukadulitsa chiwalo chabwinobwino chimene Mulungu anandipatsa? Pakamwa pake pati? Ndinawauza kuti ndikupita ku maphunziro a kuntchito. Ku tchalitchi kwathu ndinanena zomwezo, kuntchito ndinangotenga tchuthi.

Madokotala a kumeneko sindiwada, chilungamo n'chabwino. Anandifotokozera zonse. Anaboola timabowo tisanu pamimba n'kuchotsa mbali yaikulu ya chifu, kusiya kachidutswa konga nthochi. Anandiuza kuti kachifu kameneka sikadzathanso kutenga zonse zofunika m'zakudya, choncho mavitamini ndizimwa tsiku ndi tsiku moyo wanga wonse, magazi ndizikayezetsa pafupipafupi, ndipo ndikayamba kusanza kosalekeza ndisadikire kunyumba. Anandipatsa mapepala oti ndikapereke kwa dokotala wa kuno. Mapepalawo ndinawaika pansi pa sutikesi, pamwamba pake n'kusanja mabulangete. M'buku langa la kuchipatala simunalembedwe kanthu.

Miyezi yoyamba inali ya chikondwerero. Shuga anatsika, mawondo anasiya kulira, telala ankangobweza madiresi. Ndinavala jinzi koyamba chikwatiwire. Koma thupi silinaime pamene ine ndinkafuna. Linapitirira kutsika, tsitsi n'kuyamba kutsalira m'chipeso, khungu la m'mikono n'kumalendewera. Ndipo mukudziwa nokha zimene anthu amanena mu Blantyre muno munthu akamaonda. Pamsika azimayi a tomato ankadula nkhani ndikafika.

Tsiku lina kuntchito ndinatulutsa botolo la mavitamini m'chikwama, loyera, lapulasitiki, lolira chekecheke. Mnzanga wa desiki yoyandikana analiona. Anadikira kuti ena atuluke, kenako anandigwira dzanja mwachifundo chenicheni, akuti ndilimbe mtima, masiku ano anthu akukhala nako kachilombo zaka zambirimbiri, bola kumwa mankhwala mokhulupirika. Mayi uja ananena zanzeru ndipo ankandifunira zabwino. Chitsiru ndinali ine. Anthu amene amamwa ma ARV awo tsiku lililonse osaopa maso a anthu ali ndi nzeru kundiposa kutali, chifukwa ine ndinachita manyazi ndi matenda amene ndinalibe, mpaka kutaya mankhwala amene ndinkafunikira. Botolo ndinayamba kulisiya kunyumba. Ndiye n'kumaiwala, tsiku limodzi, masiku atatu, sabata. Atatha sindinagulenso ena. Mumtima ndinkati mavitamini n'chiyani, si za ana a kusikelo izi?

Kenako kunabwera kusanza. Chilichonse ndikameza chinkabwerera. Sabata inatha, ina inatha, mwezi. Bambo a Tadala ankandichonderera kuti titenge mapepala aja tipite kuchipatala, ine n'kumawakalipira, pajatu pakamwa ndili napo. Ndinkawauza kuti opaleshoni inapola kalekale, izi ndi zina, ndipo mwina ndinkakhulupiriradi choncho. Mapazi anayamba kutentha ngati ndaponda phulusa lamoto, kenako dzanzi. Ataona kuti sindikuthanso ntchito za pakhomo, amuna anga anaitanitsa amayi kuchokera ku Nsanje, koma lumbiro lija analisunga.

Amayi atandiona sanalowe n'komwe m'nyumba. Anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira ngati pagwa maliro. Mkamwini wawo anamuyang'ana ndi diso loipa, moni wake ankayankha ndi mphuno, poganiza kuti ndi iye wanditengera matenda. Bambo a Tadala anameza zonsezo chifukwa cha ine. Amayi anayamba kuphika: mpunga, milamba youma imene anabwera nayo, mbatata, thobwa. Akaika mbale ankaima pomwepo mpaka ndidye, ndipo chakudya cha mayi ako sukana. Ndinkadya, mtima n'kumathamanga, thukuta kamukamu, ndiye kuthamangira kubafa. Atatopa anagamula kuti izi si za chipatala, ndi za anthu anjiru kuntchito. Anapangana ndi azimayi ena a mapemphero kuti tikasale kudya masiku atatu ku phiri la Soche.

Ndikuuzeni zoona? Nditamva za kusala ndinasangalala. Masiku atatu opanda munthu wondiimirira ndi mbale! Taganizani inu, munthu wa kachifu konga nthochi, wosanza mwezi wathunthu, wopanda vitamini ndi mmodzi yemwe m'thupi, kukwera phiri kukasala. Mulungu sindimuimba mlandu, ndipo azimayi aja sankadziwa kanthu. Wodziwa ndinali ine ndekha. Tsiku lachitatu masana tikutsika, ndinayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, miyala iwiri, njira ziwiri, amayi anga awiri. Ndinati ndiponde, mwendo sunamve. Ndinagwa pomwepo. Anandinyamula azimayi anayi m'chitenje mpaka kumsewu.

Kuchipatala mwambo wake mukuudziwa. Pakakhala gadiyani wamkulu, wodwala sayankhula. Amayi anayala chitenje pambali pa bedi langa, ndipo funso lililonse ankaliyankha ndi iwo. Madokotala anandiyeza malungo, palibe. Kachilombo, palibe. Amayi anati yezaninso bwinobwino, anayezanso, palibe. Poti sindinkadya anandiika diripi ya madzi a shuga. Atafunsa ngati ndinachitidwapo opaleshoni, amayi anayankha mwachangu kuti imodzi yokha, pobadwa Tadala. Ine ndili chigonere, ndikumva bwinobwino, pakamwa pali pomwepo. Ndinangotseka maso.

Masiku asanu anatha choncho. Miyendo inaferatu mpaka m'mawondo. Mutu unayamba kusokonekera, funso limodzi ndinkalifunsa kangapo, ndipo tsiku lina mwana wanga atabwera kudzandiona ndinamuyang'ana, dzina lake osalipeza. Bambo a Tadala ankaloledwa nthawi ya oona odwala yokha, poti ndi wodi ya azimayi. Ankawerama ngati akukonza pilo n'kundinong'oneza kuti kodi anene. Ine ndinkapukusa mutu. Ndinkaopa. Si imfa imene ndinkaopa, ndinkaopa nkhope ya amayi anga. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wamkulu, wophunzira, mayi wa mwana, ndinafika bwanji pamenepo.

Masiku onsewo ndinkaumirira kudzipukuta ndekha kuseri kwa katani. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi manja anakana kufinya thaulo. Amayi anabwera ndi beseni la madzi ofunda, anakoka katani, n'kuyamba kundisambitsa ngati khanda. Anandipukuta nkhope, khosi, mikono. Atakweza malaya kuti apukute pamimba, dzanja linaima.

Anawerama. Anayamba kugwira timabala tija ndi chala, kamodzikamodzi, milomo ikuwerenga. Tinali titapola, tating'ono, takuda, ngati podulidwa ndi lumo.

"Iwe, mphini izi unakatemera kuti?"

Abale, nkhope imene ndinkaiopa ija ndinaiona, koma pa chifukwa china. Kwa amayi anga, mwana wawo kupita kwa sing'anga n'kukatemera mankhwala chinali chinthu choposa imfa. Ndiye iwo, mtsogoleri wa mapemphero, anakwera phiri ndi mwana wa mphini pamimba, n'kumafuula dzina la Yesu pamaso pa anzawo. Anabweza malaya anga pang'onopang'ono, anakataya madzi, anabwera n'kukhala pansi osandiyang'ana. Pambuyo pake ndinamva kuti ngakhale amene anandipima tsiku loyamba anationa timabala timeneti, koma sanafunse, chifukwa odwala obwera ndi mphini amawaona tsiku ndi tsiku ndipo akafunsidwa amakana.

Pasanapite nthawi anafika dokotala woyendera odwala, mtsikana ndithu, wochepa thupi, wosayankhulayankhula. Asanatsegule n'komwe faelo, amayi anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu ngati akupita kukaulula tchimo lawo lomwe.

"Adokotala, pali chimene sitinakuuzeni. Mwanayu anakatemera kwa sing'anga. Mwina mankhwala amenewo ndi amene akumumaliza."

Dokotala anapempha kuti aone. Anayang'ana nthawi yaitali. Anaika chala pa kabala ka pamwamba pa mchombo, kenako ka kumanzere, kenako ka pansi pa nthiti. Anakoka katani n'kukhala pabedi langa, chinthu chimene panalibe anachitapo. Anayang'ana ine, osati amayi.

"Mayi, izi si mphini. Ndikufunsa inuyo, osati agogowa. Anakuchitani opaleshoni yanji?"

M'wodi monse munali phokoso, ena akutsuka mbale, wina akubuula, koma ine ndinkangomva mtima wanga. Ndinayang'ana diripi, ndinayang'ana denga. Ndinaganiza zoti ndinene kuti anandichotsa chotupa, bodza lina linali litafika kale pa lilime. Kenako ndinayang'ana amayi. Maso awo anali pa ine, ofiira, osaphethira. Amayi anga nkhani ikafika povuta amasiya Chichewa n'kubwerera ku Chisena cha kwathu. Ananena mawu awiri okha, ondiuza kuti ndiyankhule.

"Longa, mwananga."

Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wogwidwa akuba shuga. "Ndinakadulitsa chifu kuti ndionde. Sikunali ku maphunziro kuja."

Dokotala sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anafunsa mofulumira kuti zinachitika liti, mavitamini ndinasiya liti, ndasanza nthawi yaitali bwanji. Atamva za kusala anatseka maso pang'ono. Anaimirira n'kutseka diripi ija ndi dzanja lake, anatuma namwino kuti athamange akatenge jakisoni wa vitamini amene amati B1. Anatifotokozera kuti vitamini ameneyu anali atatheratu m'thupi, n'chifukwa chake mitsempha ya miyendo, maso ndi mutu inkafa, ndipo madzi a shuga aja popanda iyeyo ankangowonjezera vuto. Ndinamufunsa ngati ndidzayendenso.

"Maso ndi mutu ndikuganiza kuti tipulumutsa. Miyendo sindikulonjezani. Masiku amene tatayawa ndi ambiri."

Tsiku lonse maso anga anali pa amayi. Ndinkadikira za Mulungu, za chiwalo chabwinobwino, za puloti. Sananene chilichonse cha izo. Chakumadzulo, akundimwetsa phala lamadzimadzi ndi kasupuni kakang'ono monga anawauzira, anati: "Unandisiya ndiname kwa dokotala iwe ukumva. Unandisiya ndikukweze phiri ndi manja angawa." Basi. Mawu amenewo amandipweteka kuposa miyendoyi. Bambo a Tadala atabwera, amayi anatuluka nawo pakhonde, anagwada chammbali monga achitira mpongozi, n'kupepesa kwa mkamwini wawo pa zonse anamuganizira. Amuna anga analira, ine ndikuona pawindo. Akuluakulu amati mukabisa matenda maliro tidzamva. Anga anatsala pang'ono kumveka.

Kubwerera kwake n'kwapang'onopang'ono, ndipo sindikunamizani kuti ndafika. Mapepala aja tinawafukula pansi pa mabulangete, lero amatidwa m'buku langa la kuchipatala, tsamba loyamba, kuti ngakhale ndikomoke pamsewu wondithandiza adziwe. Maso anabwerera m'masiku ochepa. Mutu unabwerera, ngakhale zina zimandithawabe, ndipo n'chifukwa chake ntchito ya ku Limbe inatha, manambala sindiwagwiranso bwino. Mavitamini ndimamwa pagulu, m'minibasi, ku tchalitchi, paliponse, woganiza zake aganize. Pali jakisoni wina amene ndimakabayitsa nthawi ndi nthawi, ndipo magazi amandiyeza pa tsiku limene alemba, osati limene ine ndafuna. Ndimadya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, kuyambira ndiwo: dzira, usipa wosinja, nyemba zofewa. Madzi ndimamwa pakapita nthawi, osati pamodzi ndi chakudya. Pa maliro kapena pa ukwati akandiikira mbale yodzaza ndimanena poyera kuti chifu changa n'chodula, sindingathe. Ena amadabwa, ena amakaseka kuseri, koma palibe amene wafa nazo. Kusala kudya ndinasiya, abusa ndinawauza chifukwa chake, ndipo anati Mulungu amamva ndi wokhuta yemwe. Ku mafizo olimbitsa miyendo ndimapita kawiri pa sabata. Amayi sanabwererenso ku Nsanje, munda wawo akulima ena.

Tsono inu amene mukuganiza zopita, sindikuuzani kuti pitani, sindikuuzaninso kuti musapite. Shuga wanga anatsikadi, bodza n'loipa. Koma opaleshoni imeneyi sithera pa tebulo paja, imakutsatirani moyo wonse, ndipo amene anakudulani amatsala kutali. Musanakwere ndege pezani kaye dokotala wa kuno amene adzakuyang'anireni mukabwera. Ndipo dzifunseni kuti mukadzagona m'wodi, adzayale chitenje pambali pa bedi lanu ndi ndani. Ameneyo muuzeni zonse musanapite, chifukwa ndi amene adzakuyankhireni inu mutatseka maso. Ngati simungathe kumuuza, ndiye kuti simunakonzeke. Ndipo ngati muno muli wina amene anapita kale mwakachetechete, akusanza, mapazi akutentha, chonde musadikire kuti msonkhano uno uthe.

Umboni wanga ulibe aleluya wamkulu kumapeto, mundikhululukire. Ndingokuuzani pamene ndafika. Sabata yatha ndinawauza amayi kuti ndikufuna kuyenda ndekha kuchokera pageti mpaka pa siteji, wina asandigwire. Anavomera. Ndinanyamuka, kudutsa pa chigayo, kudutsa pa mpopi, kupuma, kuyambanso. Mtunda woti munthu wabwinobwino amayenda madzi a tiyi asanawire, ine unanditengera pafupifupi ola. Ndinafika thukuta lili thupi lonse, koma mtima uli myaa, ndikuti lero ndiye ndayenda. Ndinadabwa kuona anthu pa siteji akuyang'ana pansi, kumapazi kwanga. Nditayang'ana, phazi limodzi linalibe patapata, chala chachikulu chikutuluka magazi. Inavuka pati, chala chinagunda chiyani, sindinamve kanthu.

Nditacheuka ndinaona amayi akubwera, patapata ili m'manja. Anali akunditsatira chapatali njira yonse. Nkhalamba ya msinkhu umenewo inagwada pafumbi, pamaso pa makondakitala ndi anthu onse, n'kupukuta magazi ndi nsonga ya chitenje, n'kundiveka. Kenako anatsina chala china mwamphamvu, monga anawaphunzitsira a mafizo, n'kukweza maso.

"Wamva?"

Ndinafunitsitsa kunena kuti eya, kuti tsiku limodzi lokha asangalale. Koma mayi ameneyu ndamunamiza zokwanira.

"Ayi amayi, sindinamve."

Anagwedeza mutu, anagwira bondo lawo n'kudzuka movutikira.

"Chabwino. Mawa tiyesanso."